Ankati ndili ndi pakamwa pa malonda

Ndimagwira ntchito ya marketing, yomwe ndi kufufuza zofuna ogula ndi kukonza mmene katundu agulitsidwire, pa kampani ina yaing'ono kuno ku Mangochi. Timapakira usipa wouma ndi ufa wa malambe m'mapaketi n'kumatumiza m'masitolo a ku Zomba, Blantyre ndi Lilongwe. Ntchitoyi ndimaikonda, koma njira imene ndinadzera inali yozungulira, ndipo inadya ndalama za makolo anga pamodzi ndi zaka zanga. Ana a sekondale akamandifunsa kuti ntchito imeneyi imafuna chiyani, ambiri amakhala atadziyankha kale mumtima kuti imafuna munthu wodziwa kulankhula. Nanenso ndinkaganiza choncho, n'chifukwa chake ndati ndilembe zimene zinandichitikira.

Ndinakulira m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay. Amayi amagulitsa usipa: amapikula kudoko m'mamawa, kuuyanika pa thandala, n'kukagulitsa pamsika wa pa boma. Kuyambira ndili ku pulayimale, Loweruka lililonse ndinkakhala nawo pa benchi. Ndinali mwana wopanda manyazi. Ndinkaitana aliyense wodutsa, m'Chichewa ndi m'Chiyao momwe, ndipo amayi anzawo ankati, "Mwana wanuyu ali ndi pakamwa pa malonda, sadzavutika." Mawu amenewa anandilowa mpaka m'mafupa. Poyamba Fomu 1 mu 2012, pa CDSS ya kwathuko, ndinali nditatsimikiza kale kuti ine ndine wa malonda, ndipo zam'kalasi ndinkaziona ngati za anzanga ofuna unamwino ndi uphunzitsi.

Pa benchi paja, amene ankagulitsadi anali amayi, munthu wosalankhula zambiri. Iwo ankadziwa kuti pakati pa mwezi anthu a pa boma amakhala atauma m'thumba, ndiye ankaika timilu ting'onoting'ono totchipa. Malipiro akatuluka ankaunjika milu ikuluikulu. Ankadziwa kuti mwera ukayamba kuwomba, cha mu Meyi mpaka Ogasiti, alovi salowa panyanja kawirikawiri ndipo usipa umakwera mtengo, choncho ankasungirako wouma. Ankadziwanso kuti usiku wowala mwezi usipa sugwidwa wambiri, popeza asodzi amaukopa ndi nyali. Ankadziwa kasitomala woyenera kumuikira basela. Ine ndinkangoitana anthu, koma amene ankachititsa kuti anthuwo abwerenso mawa anali amayi. Zimenezi ndazizindikira ndili wamkulu.

Ku sekondale ndinalowa kalabu ya zisudzo ndi ya mtsutso nditangofika. Kumeneko ndiye kunali kwathu. Otiyang'anira anali mayi wachikulire wophunzitsa Chichewa, ndipo anatiphunzitsa zinthu zimene ndikudyera lero: kuima nji pamaso pa gulu, kutulutsa mawu ofika kumbuyo osakuwa, kudikira anthu amalize kuseka usanapitirize. Pa mtsutso ankatikakamiza kuikira kumbuyo mbali imene sitikugwirizana nayo. Ndinkadana nazo, koma palibe chimene chinandikonzekeretsa bwino kumvetsera kasitomala akamakana kuposa chimenecho. Munthu amene anayeserapo kuganiza ngati mnzake wotsutsana naye sapsa mtima akauzidwa kuti katundu wake ndi wodula. Amafuna kudziwa kuti akumuyerekeza ndi katundu uti.

Masamu ndiye ndinkawathawa. Ikafika nthawi yake ndinkakhala kumbuyo, kope lili chitsegulire, ine ndikuloweza mawu a sewero. Chingerezi ndinkachilankhula bwino kuposa ambiri m'kalasi, ndipo izi zinandigoneka tulo: chimangirizo chinkabwera chili psuu ndi inki ya aphunzitsi, ine n'kumati bola ndimalankhula. JCE mu 2014 ndinakhoza, masamu ndikungopulumukira. Aphunzitsi a masamu anandiitana tsiku lina n'kundifunsa, "Iwe ukuti udzakhala wa malonda. Malonda ake ati osawerengera?" Ndinayankha mwaulemu, koma mumtima ndinkati amayi anga agulitsa zaka zonsezi osadziwa x ndi y. Sindinkaona kuti amayi amawerengera m'mutu kuyambira kudoko mpaka kuweruka.

Tili Fomu 3, mu teremu yachitatu ya 2015, kalabu yathu inafuna ndalama za galimoto yopitira ku mpikisano wa zisudzo. Tinagwirizana zokonza chionetsero pasukulu: masewero, magule, nyimbo, olowa alipire pakhomo, ndipo ife tigulitse mandasi, zitumbuwa ndi thobwa. Wolengeza ndinali ine. Tinalemba zikwangwani pa mapepala a manila n'kumata m'mitengo, pachigayo ndi pa siteji ya minibasi. Aliyense anasonkha kangachepe kogulira ufa, mafuta ndi shuga. Ndinayenda kalasi ndi kalasi kulengeza, anthu akuseka ndi kuwomba m'manja, ndipo sindinakayike kuti holo idzadzaza.

Tsikulo linali Loweruka masana. Mabenchi opanda anthu anali ambiri kuposa okhalidwa. Mandasi anagona mu beseni mpaka madzulo, thobwa n'kuyamba kusasa. Unali mwezi wa Ramadan. Kwathu kuno ambiri ndi Asilamu, ndipo pa mwezi wosala sadya kapena kumwa kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa litalowa. Magule a masana si chinthu chimene makolo akanalolera ana awo nthawi imeneyo. Tonse tinkadziwa kuti anzathu akusala, koma palibe anaganiza kuti zimenezo zikukhudza tsiku lathu. Mu komiti munali mtsikana wina wachisilamu wofatsa, amene anali mlembi wathu. Lolemba lake aphunzitsi a Chichewa otiyang'anira aja anamufunsa kuti bwanji sananene. Iye anati, "Madamu, ndinakweza mkono, koma ankalankhula ndi anthu omwewo." Mwa anthu omwewo, woyamba ndinali ine, ndipo manyazi a tsiku limenelo ndimawakumbukirabe.

Aphunzitsi aja sanatikalipire. Anatituma kuti aliyense akafunse ana asukulu ndi makolo mafunso atatu: tsiku liti, nthawi yanji, ndalama zingati zimene angakwanitse. Mlembi uja anasonkhanitsa mayankho mu kope, n'kuwandandalika m'mizere. Zinaoneka kuti mtengo wa pakhomo unali wokwera kwa ana asukulu, komanso makolo ankafuna kudzaona ana awo akuvina, osati kudzaonera ife a Fomu 3 tokhatokha. Mpikisano wa chaka chimenecho tinauphonya. Teremu yotsatira tinabwereza, titatsitsa mtengo ndi kuitana a Fomu 1 ndi ana a pulayimale yoyandikana nafe kuti avine beni ndi chimtali. Holo inadzaza mpaka ena kuonera pa mawindo. Zimene tinachitazo kuntchito timazitcha kafukufuku wa msika, ndipo ndiye phata la marketing. Koma panthawiyo ine ndinkati holo yadzaza chifukwa ulendo wachiwiriwu ndinalengeza bwino.

Inu amene muli m'makalabu, kaya ya zachilengedwe, SCOM, YCS kapena ya ophunzira achisilamu, musamangolimbirana udindo woima kutsogolo. Pemphani ulembi kapena usungichuma, ngakhale kwa teremu imodzi. Wolemba zokambirana ndi wosunga kope la ndalama akuphunzira zimene kuntchito adzakufunsani mukangofika.

MSCE ndinalemba mu 2016. Kwa amene simunafikeko, MANEB imapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndi kukhoza mopambana, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Ine Chichewa ndinapeza 2, maphunziro ena angapo makirediti, Chingerezi 7, masamu 9. Satifiketi ndinalandira, koma yunivesite imafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo mapulogalamu a zamalonda amayang'ananso masamu. Ku Polytechnic, imene pano ndi MUBAS, kumene ndinkamva kuti kuli maphunziro a bizinesi, khomo linali lotseka. Mlembi wathu wofatsa uja anasankhidwa. Ndinamuyamikira, koma usiku wake ndinalira.

Aphunzitsi a masamu anatumiza uthenga kudzera kwa mng'ono wanga kuti ndibwereze Fomu 4. Ndinakana. Kubwereza ndinkakuona ngati kuvula pagulu, makamaka ine amene sukulu yonse inkandidziwa. Chaka chimodzi chimenecho ndi chimene ndinakana, n'kudzalipira zaka zisanu.

Azakhali anga ku Blantyre anandiuza za koleji ina ya m'tauni imene inkalandira aliyense wokhala ndi pepala la MSCE, osawerenga makirediti. Inkalonjeza dipuloma ya marketing m'zaka ziwiri. Abambo anagulitsa mbuzi zonse za m'khola. Amayi anatenga ngongole ku banki m'khonde, ndipo pobweza ngongoleyo mpamba wawo unachepa mpaka anayamba kupikula theka la usipa umene ankapikula kale. Pamwamba pa fizi panali ya mayeso, ya mapepala, ndi ya minibasi tsiku ndi tsiku kuchokera ku Bangwe. Sindinganene kuti sindinaphunzireko kanthu. Kumeneko ndi kumene ndinamva koyamba kuti marketing imayenda pa zinthu zinayi: katundu weniweniyo, mtengo wake, malo amene wogula amupeze, ndi kutsatsa. Ndinadabwa kuona kuti kulankhula kumene ndinkadalira kuja ndi kachigawo chabe ka chinthu chachinayi. Koma zambiri tinkangoloweza manotsi, ndipo phunziro lililonse lokhala ndi manambala ndinkaliwoloka motsamira anzanga.

Nditamaliza ndinaitanidwa ku mafunso a ntchito pa kampani ina yaikulu. Mayi wina mwa ofunsawo anayang'ana pepala langa kwa kanthawi, n'kunena mofatsa kuti, "Achemwali, pulogalamu imeneyi sitiizindikira. Nanga pa MSCE muli ndi makirediti angati?" Mafunso anathera pomwepo. Ndinatuluka miyendo ili zii, ndikuganiza za khola lopanda mbuzi ndi mmene ndikawauzire amayi.

Musanapereke tambala ku koleji iliyonse, yang'anani mndandanda wa bungwe la National Council for Higher Education, NCHE, limene limalembetsa ndi kuvomereza makoleji m'dziko muno. Onani dzina la koleji, kenako muonenso ngati pulogalamu imene mukufunayo ilipo pa mndandandawo, chifukwa ziwirizi si chinthu chimodzi. Ngati akuti akukuphunzitsani za mabungwe a kunja olembetsa mayeso a zamalonda monga CIM kapena ABE, dziwani kuti satifiketi imachokera ku bungwelo, ndiye onetsetsani kuti mwalembetsedwa kumeneko ndipo muli ndi nambala yanuyanu. Kulinso bungwe la anthu ogwira ntchitoyi, Institute of Marketing in Malawi, kumene mungafunse njira. Ndipo koleji imene sikufunsani n'komwe za makirediti anu, ifunseni inuyo mafunso ambiri.

Ndinabwerera ku Mangochi mu 2019 ndipo ndinapeza ntchito yogulitsa nyali za sola khomo ndi khomo. Malipiro a pamwezi panalibe, inali komishoni yokhayokha, ndipo ya kabaza ndi matola inali yotuluka m'thumba mwanga. Nyalizo anthu ankalipira pang'onopang'ono kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo munthu akasiya kulipira nyali inkadzitseka yokha. Apa ndinati nthawi yanga yakwana. Ndinkafika pamudzi, kupereka moni kwa amfumu, kuyatsa nyali m'nyumba yamdima, kuseketsa amayi m'Chiyao, ndipo anthu ankalembetsa. Miyezi yoyambirira ndinaposa anzanga onse. Ndinagulira amayi chitenje, abambo nsapato.

Kenako nyali zinayamba kuzima. Midzi yambiri imene ndinagulitsako inali ya m'mbali mwa nyanja ya Malombe, kumene ndalama ya pakhomo imachokera ku nsomba. Nyengo yotseka nyanja itafika, ndalama inauma, ndipo anthu analephera kulipira. Mgwirizano umene ndinasaina osawerenga bwino unali ndi ndime yakuti wogula akasiya kulipira, komishoni yanga idzadulidwa. Mwezi wina ndinalandira ndalama yosakwana ngakhale ya kabaza amene ndinakwera.

Koma chimene chinandipweteka kwambiri si ndalamayo. Tsiku lina gogo wina anandiimitsa panjira, nyali ili m'manja ataikulunga m'kansalu. Anati, "Mwanangu, unati ndalama yake ndi yochepa. Taona yazima. Nanga zija ndinapereka zija zapita kuti?" Ndinasowa chonena. Sindinawanamize mwadala, koma ndinawauza za ndalama ya pa sabata yokha, osawauza kuti yonse pamodzi ikwana zingati ndiponso kuti atenga miyezi ingati. Sindinawauze chifukwa nanenso ndinali ndisanawerengerepo. Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mudzi umenewo sindinathenso kulowamo momasuka, ndipo mbiri inafika mpaka pa benchi ya amayi ku msika. Kutsatsa konamiza ogula n'koletsedwa ndi malamulo, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo otere, koma kwathu kuno chilango chimabwera msanga kuposa pamenepo, chifukwa anthu amadziwana.

Ndinapita kwa otiyang'anira kuntchito kukafotokoza kuti vuto ndi kalipiridwe, kuti asodzi sangalipire mofanana chaka chonse, pamene alimi a kumtunda ku Namwera ndalama amaigwira akakolola. Ndinalankhula nthawi yaitali, ndipo ndikukhulupirira kuti ndinkanena zoona. Iwo anamvetsera, kenako anati, "Achemwali, mfundo yanu ikumveka. Ndiuzeni, mwayendera nyumba zingati? Zagula zingati? Pa ogula 100 alionse, amene asiya kulipira ndi angati ku Malombe, ndi angati ku Namwera? Mundilembere tsamba limodzi kuti nditumize ku likulu." Ndinalibe nambala ndi imodzi yomwe, popeza sindinkalemba chilichonse. Tsambalo ndinalilemba usiku wonse, ndipo linatuluka ngati mmene ndimalankhulira, lozungulira, lopanda mutu ndi mchira. Silinapite kulikonse. Ndinali ndi chinthu choona m'manja, chimene chikanathandiza kampani ndi ogula omwe, koma ndinalibe njira yochifikitsira kwa anthu opanga ziganizo.

Ndiwonjezere mawu kwa atsikana anzanga pa ntchito za komishonizi. Werengani mgwirizano wonse musanasaine, ndipo mufunse kuti ya mayendedwe alipira ndani. Musamapite nokha kumidzi yakutali madzulo. Ndipo munthu amene akuti nkhani ya ntchito mukakambirane ku malo ogona alendo, ameneyo sakukufunirani ntchito.

Mu 2020, Covid-19 itafika, kuyenda khomo ndi khomo kunavuta ndipo ambiri tinauzidwa kuti tidikire kunyumba. Ndinabwerera pa benchi ya amayi. Ulendo uno ndinakhala chete n'kumayang'ana, ndipo ndinagula kope. Ndinkalemba zimene tapikula, ya mayendedwe, ya chiphaso cha msika, milu imene tagulitsa, ndi imene yatsala. Pofuna kupeza phindu lenileni ndinasokonezeka, ndipo ndinanyamula kopelo kupita kwa aphunzitsi a masamu aja, mtima ukugunda. Anandilandira pakhonde, sanakumbutse za kale. Anatenga pensulo n'kuti, "Mwanangu, tiyambire pomwe uli. Wagula chinthu K800, wagulitsa K1,000. Phindu ndi K200. Pa ndalama imene unagulira, ndi 25 peresenti. Pa ndalama imene wagulitsira, ndi 20 peresenti. Tsono mwini sitolo akakuuza kuti umuchotsere 20 peresenti pa mtengo wako, iwe n'kumati uli ndi 25 ndiye utsala ndi 5, watsala ndi zingati?" Ndinawerengera pa kope, ndipo ndinapeza kuti sinditsala ndi kanthu. Zimenezi zinali za Fomu 2. Ndinakhala pakhonde paja ndikuganiza za malonda onse amene ndinapanga osadziwa kanthu kakang'ono kameneka.

Iwo ndi amene anandilimbikitsa kulowa sukulu yamadzulo, imene timati open. M'mawa ndinkagulitsa usipa, masana n'kukakhala pa desiki limodzi ndi ana amene ndinawasiya ali ku pulayimale. Ena ankanditcha anti. Masiku oyamba zinkandiwawa, koma ndinazolowera. Fizi ndinkalipira ndekha kuchokera pa benchi, ndipo miyezi ya mwera ndinkachedwa nayo. Masamu amene ndinkawaopa aja anayamba kumveka chifukwa funso lililonse ndinkaliona ngati la usipa: maperesenti, chiwongoladzanja, magirafu, kupeza pakatikati pa manambala. Pa Chingerezi ndinalimbikira kulemba malipoti, makalata ndi kufupikitsa nkhani, zimene kale ndinkaziona ngati zotopetsa. Ndinalembanso MSCE mu 2022, ndipo masamu ndi Chingerezi zonse ndinapeza kirediti.

Ntchito imene ndili nayoyi ndinaipeza chaka chotsatira. Mwini kampani anauza tonse ofuna ntchito kuti tilembe tsamba limodzi lofotokoza mmene tingagulitsire usipa wa m'paketi kwa anthu a m'tauni. Ndisanalembe kalikonse ndinachita zimene madamu a Chichewa anatituma zija: ndinafunsa anthu. Ndinaimbira azakhali ndi anzawo ku Bangwe, ndinacheza ndi amayi otsika mabasi a ku Blantyre amene amagula nsomba pa boma, ndinafunsa eni magolosale. Ndinkayembekezera kumva za mtengo, koma dandaulo limene linkabwera mobwerezabwereza linali mchenga. Mayi wina anati amatsuka usipa mpaka kutopa, koma ana akamadya umalirabe m'mano. Usipa wa kampaniyi umayanikidwa pa thandala, sukhudza pansi, koma pa paketi panalibe mawu onena zimenezo. Panali chithunzi cha nyanja ndi mawu a Chingerezi otamanda kukoma. Ndinalemba kuti ndafunsa anthu angati, angati atchula mchenga, angati atchula mtengo, ndipo ndinapempha kuti pa paketi palembedwe mawu awiri akuluakulu: wopanda mchenga. Tsambalo linali lalifupi. Ananditenga.

Masiku ano, pa sabata yonse, nthawi imene ndimaima pamaso pa anthu kulankhula ndi yochepa kwambiri. Nthawi yambiri ndimakhala pa kompyuta ndi Excel, pulogalamu yondandalikira ndi kuwerengera manambala, kuona kuti sitolo iti yaoda zingati, iti yachedwa kulipira, paketi iti ikuyenda. Sukulu yathu inalibe makompyuta, ndiye ndinaphunzira ndili wamkulu, molipira. Ngati kwanu alipo, ngakhale akhale awiri okha, musawasiyire anyamata. Jogalafe imene ndinkaiona ngati yongojambula mapu ndimaigwiritsa ntchito pokonza maulendo a katundu ndi podziwa nyengo: malambe ali ndi nthawi yake, msewu wa ku Makanjira uli ndi mavuto ake mvula ikagwa, ndipo alendo amachuluka ku Cape Maclear ndi m'malo ogona a m'mbali mwa nyanja nthawi ya tchuthi. Pa Ramadan timasintha nthawi yolawitsa anthu katundu, ndipo Eid ikamayandikira timakonzekera maoda ambiri. Pamenepa sindifunikanso wondikumbutsa.

Zisudzo nazo sizinapite pachabe. Uthenga wathu wa pa wailesi ya m'dera ndinaulemba ndekha ngati kasewero ka mphindi imodzi: apongozi akudya nsima n'kudabwa kuti ndiwo sizikulira m'mano. Tinaujambula m'Chichewa ndi m'Chiyao. Musalole munthu akuuzeni kuti chilankhulo cha kwanu n'chopanda ntchito. Makampani ambiri amakonza uthenga ku Lilongwe kapena ku Blantyre m'Chingerezi, n'kuumasulira mwachangu, ndipo ukafika kuno umamveka wachilendo. Munthu wolemba Chichewa chomveka, wodziwanso Chiyao, ali ndi chinthu chimene anzake a m'tauni alibe. Chimodzimodzi pa WhatsApp ndi Facebook: kuika chithunzi aliyense amatha, koma kulemba mizere iwiri yoti munthu aime n'kuwerenga, ndi kuyankha wodandaula mwaulemu anthu onse akuona, zimachokera ku chimangirizo chija chinkabwera chofiira.

Mayeso aakulu a masamu anga anabwera mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mapaketi a pulasitiki, mafuta a galimoto, zosindikiza, zonse zinakwera nthawi imodzi. Abwana anandiitana n'kuti, "Tikweze bwanji osathawitsa anthu?" Tinakhala pansi ndi manambala a katundu aliyense. Tikanakweza paketi yaikulu mokwanira kubweza zonse, ogula ambiri akanabwerera ku usipa wa pamulu. Ndinapereka maganizo a amayi a timilu ta pakati pa mwezi: tikweze yaikulu pang'ono, koma tibweretse kapaketi kakang'ono ka ndiwo za tsiku limodzi. Panabwera maganizo ena akuti tingochepetsa usipa m'paketi yakale mwakachetechete. Ndinakana, ndipo ndinafotokoza za gogo wa nyali uja. Kulemera kumene kwalembedwa pa paketi kuyenera kukhala koona. A Malawi Bureau of Standards amayang'ana zimenezo, komanso mayi amene amagula sabata iliyonse amadziwa ndi dzanja lake kuti paketi yapepuka. Kapaketi kakang'onoko ndi kamene kanatisunga m'magolosale miyezi yovuta ija.

Mukandifunsa kuti ndisankhe maphunziro ati, ndinganene kuti ngati sukulu yanu ili ndi Business Studies tengani, koma musadandaule ngati palibe. Chimene simungachizembe ndi kirediti ya Chingerezi ndi ya masamu, ndipo ntchito yake imayambira Fomu 1, osati teremu yomaliza ya Fomu 4. Ngati mumathandiza makolo pa geni, kaya ndi tomato, kaunjika kapena mandasi a pa buleki, yambani lero kulemba m'kope zolowa ndi zotuluka, ndipo muzifunsa ogula chifukwa chimene agulira kapena akanira. Kope lotero mukhoza kulionetsa pa mafunso a ntchito, ndipo limalankhula kuposa kunena kuti ndimakonda kucheza ndi anthu. Zotsatira zikatuluka zosakoma, bwerezani nthawi yomweyo mutu udakali wa sukulu.

Ine dipuloma yovomerezeka sindinamalizebe. Ndikuphunzira Loweruka ndi Lamlungu, ndipo popeza mayeso ake amalipiridwa m'ndalama yakunja, kwacha ikagwa fizi yanga imakwera, ndiye ndimalemba phunziro limodzi n'kudikira kuti ndisonkhanitsenso. Mlembi wathu uja anamaliza digiri kalekale ndipo akuyang'anira anthu ku Lilongwe. Timalankhulana, ndipo ndi amene amandiwerengera malipoti anga akuluakulu ndisanawapereke. Ngongole ya amayi ku banki m'khonde tinamaliza kubweza. Mbuzi za abambo ndabwezapo ziwiri, zina zikadali ngongole yanga.